Eni Mafuta ndi Tomato wa Tadala

Eni mafuta sakulamulanso mtengo wa mafuta monga ankachitira kale. Mfundo yaikulu ndi imeneyo, ndipo ndaiika poyamba chifukwa ndi mmene anandiphunzitsira ku nyuzipepala: chachikulu patsogolo, kuti wowerenga akatopera panjira achoke atamva kale. Yachiwiri ndi iyi. Ine agogo anu ndinachedwa kuzindikira zimenezi, ndipo kuchedwa kwangako kunaumitsa tomato wa mchemwali wanu Tadala. Lero Tadala ali ndi pasipoti m'chikwama, akuti apite ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba, dimba lisiyidwe. Tsono khalani pansi, ana inu. Manja azithothola mtedzawo, makutu akhale kuno. Iwe Mphatso, foniyo siithawa.

Ndikati eni mafuta ndikunena mayiko angapo, ambiri a Aluya, ena a mu Africa muno, amene anagwirizana kalekale kuti azikhala pansi n'kupangana kuchuluka kwa mafuta oti aliyense apope. Akapopa ochepa mtengo umakwera dziko lonse lapansi. Akapopa ambiri umatsika. Nzeru yawo yonse inali imeneyo, ndipo inagwira ntchito zaka zambiri.

Ife tinakula osadziwa kuti kuli anthu otere. Kuno kwa Mavwere, nthawi imene boma lathu linkatchedwa Fort Manning, nyali yathu inali nsatsi. Unkaswa nsatsi, kutunga njere zake pa kamtengo ka nsungwi, n'kuyatsa yapamwamba. Ikatha iyo moto unkatsikira pa inzake. Zinkathetheka, zinkanunkha, koma sizinali zogula. Kenako kunabwera koloboyi: kachitini, chingwe chong'amba ku bulangete lakutha, ndi palafini wa m'kabotolo. Mwana wowerengera koloboyi ankadziwika m'mawa, chifukwa akamina zinkatuluka zakuda. Mukuseka? Aphunzitsi athu ankayang'ana m'mphuno kuti adziwe amene wawerenga ndi amene wangogona.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito ku nyuzipepala ina ku Blantyre. Ulendo wake unali wa masiku awiri. Basi inkanyamuka pa Boma m'mamawa, msewu wafumbi wokhawokha, n'kufika ku Lilongwe tonse tili ofiira ngati njerwa. Amayi anandimangira mbatata yootcha ndi chiponde m'kachitini, ndipo chipondecho ndinachidya ndi chala mpaka ku Ntcheu. Inu lero mumadandaula minibasi ikaima pa Namitete kudikira anthu awiri.

Ntchito yanga yoyamba inali yong'amba mapepala pa makina a teleksi. Anali makina aphokoso, olemba okha nkhani zochokera kunja usana wonse. Ndinkasankha zoyenera kupita kwa mkonzi, zotsala n'kutaya. Tsiku lina, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, panatuluka pepala lonena kuti mayiko a Aluya achepetsa mafuta ogulitsa. Ndinaona kuti n'zakutali, ndinaliponya m'bini. Mkonzi wathu, bambo wamfupi wosachotsa kaliwo pakamwa, analitola, analiwongola pa bondo, n'kundiitana.

"Iwe wa ku Mchinji, amayi ako amayatsa chiyani?"

"Koloboyi, bwana."

"Koloboyi amamwa chiyani?"

"Palafini, bwana."

"Ndiye nkhani ya amayi ako waitaya m'bini."

Sipanapite miyezi yambiri, palafini anakwera, mtengo wa basi unakwera, sopo naye anatsatira. Kenako ndinalandira kalata yochokera kuno, yolembedwa ndi mlongo wanga, yonena kuti amayi ayambiranso kutunga nsatsi. Ndinaiwerenga kawiri. Amuna amene sanamvepo dzina la Mavwere anali atazimitsa nyali m'nyumba ya amayi anga, osadzuka n'komwe pa mipando yawo. Chinthu chimenecho chinandizizwitsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo msonkhano wa eni mafuta sunkandidutsa.

Nditapuma ntchito ndinabwerera kuno ndi agogo anu aakazi, Nabanda, ndi wailesi yaikulu ija yogwira nyumba zoulutsira mawu zakunja. Tinatsegula kagolosale, pakhonde pake n'kuimika mgolo wa palafini. Ndikamva kuti eni mafuta akumana ndipo atseka mipope, ndinkauza aliyense wobwera kudzagula mchere kuti agulirenso palafini. Kangapo ndinalondola. Kangapo ndinaphonya, koma anthu amakumbukira zolondola, ndipo ine sindinawakumbutse zinazo. Anandipatsa dzina loti Mneneri. Amene analiyambitsa ndi aZulu, anzanga a bawo aja, amene anayendetsa tankala ya mafuta mpaka tsitsi kuyera.

"Mneneri, Aluya anena chiyani lero?"

"Atseka. Gulani palafini."

"Inu mafuta mumawadziwa ndi khutu. Ine ndimawadziwa ndi matako, ndawakhalira zaka zonse zija. Tasewerani apo, mukuchedwetsa bawo."

Zizindikiro zoti zinthu zasintha zinalipo, ndipo zinadutsa pakhonde panga penipeni. Kunabwera matochi otchipa a ku China. Kenako tinyali ta sola, timene mumatiyanika pa denga pamodzi ndi mfutso. Mgolo wanga wotsiriza wa palafini unatha chaka osatha, ndipo ogula ake ambiri ankafuna wothamangitsira linthumbu. Mgolowo ndi uja mumatungiramo madzi kuseri kwa bafa. Ine ndinangoti bizinesi ya palafini yafa, osadzifunsa kuti ngati mudzi umodzi waleka kugula, midzi ina padziko lapansi ikutani.

Chizindikiro china chinali choonekeratu. Zaka zingapo zapitazo eni mafuta analengeza kuti achepetsa kwambiri. Ndinathamangira kwa aZulu, tinakadzaza zigubu za petulo pa Boma, tinabisa m'nkhokwe ngati mbewu. Pa wailesi mtengo wa kunja unakwera masiku ochepa, kenako n'kubwerera pomwe unali. Anachepetsanso, zomwezo. AZulu anandipeza pa bawo.

"Mneneri, tambala wanu walira kawiri, koma kunja sikukucha."

"Kucha. Dikirani."

"Kapena tambalayo wakalamba ngati mwini wake?"

Ndinaseka nawo, koma sindinafufuze. Mtolankhani amene wazolowera kulondola amasanduka waulesi.

Tsopano za dimba. Dimba lathu la kudambo lija ndi la agogo anu aakazi, la kumtundu kwawo, ine ndine mkamwini chabe ngakhale mano atha. Tinayamba kuthirira ndi makeni, kenako pampu yopondaponda imene inathetsa mawondo anga, kenako ndinagula injini ya petulo. Tadala atabwera kuchokera ku sukulu ya zaulimi, anzake onse atathawira m'tauni, anati iye akhala, alima dimba. Nabanda anamupatsa lonse. Koma injini ndi ng'ombe zinali m'manja mwanga, ndipo apa m'pamene panagona vuto.

Chaka chatha, nthawi ngati inoyi tikukolola mtedza, anandipeza pansi pa mtengo wa mango uwu.

"Agogo, tigulitse injini ndi nkhunzi yofiira ija, tigule pampu ya sola. Ndaiona ikugwira ntchito cha ku Kachebere."

"Dzuwa likabisala?"

"Mu Okutobala, agogo? Ku Mchinji kuno?"

"Tamvera, mkazi wanga wamng'ono," ndinatero, monga timasekera ndi adzukulu. "Dzulo lomweli ndamva ndi makutu anga. Eni mafuta atsegula mipope. Atopa ndi kudzimana pamene ena akugulitsa, tsopano aliyense akufuna kupopa. Petulo achuluka ngati madzi. Ukufuna ndigulitse nkhunzi chaka chimene petulo akutsika?"

Nabanda anali pakhonde akupeta. Sanakweze n'komwe mutu.

"Mkazi mnzanga, usadzivute. Amuna athuwa anakwatira wailesi. Iwe ndi ine ndife ongowaphikira."

Tadala anaumirira masiku atatu. Ine ndinakana masiku atatu. Anafesa tomato wake, anawokera dimba lonse, kudalira injini.

Tsono mvetsetsani bwino apa, chifukwa m'pamene pali chodabwitsa. Wailesi sinaname. Mipope inatsegulidwadi, ndipo kunja mtengo unatsikadi. Koma pa Boma petulo panalibe. Mzere wa magalimoto unkayambira pa filing'i siteshoni mpaka kukakhota kumsika, madalaivala atayala makatoni pansi pa magalimoto awo, akabaza ataunjikana ngati njuchi. Tankala ikafika, pofika masana zatha. Wobwera ndi chigubu ankabwezedwa, akuti zigubu n'zimene zikudyetsa mavenda. Nanga injini ya kudimba uikweze pamutu kukaima nayo pamzere? Tadala anapita katatu, katatu konse n'kubwera chigubu chili mbee.

Ulendo wachinayi anagula kwa venda wina wa m'mbali mwa msewu, petulo wolowa m'njira zachidule kuchokera tsidya la malire. Mtengo wake sindinena, mungatsamwe ndi mtedzawo. Chimene anasakanizamo sindikuchidziwa mpaka lero. Injini inatsokomola, inatulutsa utsi woyera, n'kuzima. Makaniko anaitsegula patatha sabata.

Sabata imeneyo tomato anali pa maluwa, mwezi wa Okutobala, dothi likuotcha mapazi. Tinabwerera ku makeni, Tadala, Nabanda, amayi anu, ndi ine ndi mawondo angawa. Inu munali kusukulu, ndipo musaganize kuti sindinaone mmene munkachedwera pobwerera. Dimba lolimidwa moyembekezera injini silithiririka ndi manja. Maluwa anayoyoka, masamba anapota. Tinapulumutsa mizere ya pafupi ndi chitsime yokha.

Tadala sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anaika keni pansi, anapukuta manja pa chitenje, n'kunena mwaulemu wake wonse:

"Agogo, mukamva kuti akumananso, muwauze kuti tomato wauma."

Mwezi wotsatira anayamba kuyendera za pasipoti.

Manyazi ndinali nawo, koma ndikuuzeni zoona, chimene chinandisowetsa mtendere kwambiri chinali funso. Atatseka mipope, mtengo sunakwere. Atatsegula, mafuta sanafike. Ndiye amuna awa, amene ndawamvera moyo wanga wonse, akulamula chiyani? Ndinatenga kope ndi cholembera, ndinakwera minibasi mpaka pa boda ya Zambia, pamene matankala amaima, monga ndinkachitira ndili ndi tsitsi. AZulu anandiperekeza, akuti madalaivala sangalankhule ndi munthu wovala jekete ngati ine.

Tinapeza dalaivala wina wa tankala akudya tchipisi pa chiwaya. AZulu anamulonjera m'chinenero chawo cha pamsewu, kenako ine ndinafunsa ngati kudoko mafuta asowa.

"Asowe? Madala, kudoko mafuta ali mbwee. Sitima zikuchita kudikirana."

"Nanga bwanji sakufika kuno?"

"Wogulitsa mafuta kudokoko salandira kwacha. Akufuna madola. Ife timangogona m'magalimoto kudikira kuti kwanu kuno apeze madola alipire. Akalipira timadzaza tsiku lomwelo."

"Za msonkhano wa eni mafuta munamva?"

"Msonkhano uti? Kuli maliro?"

AZulu anaseka mpaka kutsamira tayala. Ndinalemba m'kope kuti: munthu wonyamula mafuta sadziwa kuti eni mafuta anakumana. M'masiku a mkonzi wanga uja zimenezo sizikanatheka.

Funso la mafuta osafika linayankhidwa pamenepo: vuto linali m'thumba mwathu, osati pa mpope wawo. Lotsala linali loyamba lija, la tambala wolira kunja osacha. Wailesi imangotchula mitu ya nkhani, ndiye ndinafunika wina wondifufuzira pa foni. Inu mukanandisakira nyimbo. Ndinapita kwa Tadala, amene panthawiyo ankangondipatsa moni basi.

"Ndithandize kufufuza nkhani."

"Ya eni mafuta?"

"Ya kulakwa kwanga."

Anandiyang'ana, anakoka mpando. Tinakhala masana atatu, iye akuwerenga, ine ndikulemba.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi ichi. Dziko lopopa mafuta ambiri kuposa onse lero ndi America, ndipo silili m'gulu lawo. Kumeneko anapeza njira yoswa mwala wa pansi pa nthaka ndi madzi amphamvu, mwalawo n'kutulutsa mafuta amene kale ankati sangatuluke. Taganizani, kufinya mwala ngati nsatsi! Ndinamuuza Tadala awerengenso, ndimayesa wadumpha mzere. Ndipo opopawo si boma loti ungakhale nalo pansi n'kupangana, ndi makampani ambirimbiri, aliyense ndi mimba yake. Gulu lija likachepetsa kuti mtengo ukwere, iwo amangoti zikomo, n'kupopa ochuluka. Brazil nayenso akupopa pansi pa nyanja, pamodzi ndi kadziko kena kotchedwa Guyana, kamene ndinachita kukafuna pa mapu a Mphatso. M'gulu mwenimwenimo ena amalonjeza pamsonkhano n'kukapopa mopitirira akafika kwawo. Angola, mnansi wa anansi athu a ku Zambia, anatopa ndi kuuzidwa muyeso, anatulukamo. Kwinaku ogula nawo ayamba kuzemba: ku China magalimoto ambiri atsopano ndi amagetsi, satsegula pakamwa pa filing'i siteshoni.

Ndikufotokoza zimenezi pachakudya, monyadira ngati ndatulukira ndine, Nabanda anangoti:

"Zimenezo mpaka kukwera minibasi? Mukanandifunsa ine."

"Iwe unaphunzira kuti za mafuta?"

"Pa Kamwendo. Mwaiwala chaka chija tinapangana amayi onse a tomato kuti beseni lisatsike mtengo? Masabata awiri ogula a ku Lilongwe analira, ife tikuvina. Sabata yachitatu kunatulukira lole ya tomato wochokera kwina, eni ake sitikuwadziwa, pangano lathu sakulidziwa. Tisanathe n'kudabwa komwe, tinamva kuti mayi wina wa m'gulu lathu lomwe akugulitsira kuseri kwa chigayo. Ndiye amene ankatsogolera pemphero pamsonkhano! Pangano la amalonda limalimba ngati msika uli ndi khomo limodzi. Ukakhala ndi makomo asanu, mwangopangana kuti tomato wanu awole."

Ndinatsegula kope n'kulemba mawu amenewo. Zaka zonsezi ndinali ndi katswiri m'nyumba, ine ndikusaka wa ku Ulaya pa wailesi.

Musandimve molakwa, ana inu, chifukwa kukokomeza ndi bodza lovala suti. Sindikuti eni mafuta atha. Mafuta awo ndi osavuta kupopa, ndipo akadali ndi ambiri. Kwawoko kukabuka nkhondo mtengo umadumphabe, ndipo minibasi ya pa Boma imamva. Ndikunena kuti kale ankalamula, lero amangokankha, ndipo nthawi zina chimene akukankhacho chimawabwerera. Pali zambiri zimene sindikuzidziwabe. Miyala ya ku America ija idzauma liti? Mayiko amene sadya china koma mafuta adzadya chiyani ogula akachepa? Nanga mapanelo a sola, poti ambiri amachokera dziko limodzi, eni ake sadzakhalanso pansi tsiku lina n'kupangana? Funso limeneli ndinamufunsa Tadala.

"Akapangana, agogo, adzakweza mtengo wa panelo imene sitinagule. Imene ili kale kudimba sangaitseke ali kwawo."

Ndinasanthula yankho limenelo masiku awiri kufuna polowera. Sindinapapeze.

Nkhunzi yofiira inapita Lachiwiri lapitali, munaiona ikukwezedwa. Injini aigula aZulu, akuti aikonza aziyendetsera makina opukusira chimanga, ndipo andilonjeza kuti tsiku lililonse ikasowa petulo azibwera kudzanditukwana. Ndalama zonse ndinapereka m'manja mwa Tadala pamaso pa Nabanda, ndipo ndinanena mawu amene nkhalamba siiwakonda: unalondola ndiwe. Ndinamuuzanso kuti ndalamazo ndi zake. Akafuna pampu, agule pampu. Akafuna tikiti ya ku Joni, sindimutsekereza, chifukwa ndinamutsekereza kale kamodzi ndipo tonse tinaona zotsatira.

"Ndamva, agogo," anatero. Basi. Za kupita kapena kukhala sanatchule, ndipo mpaka lero sanandiuze kanthu.

Koma mtolankhani sadikira kuuzidwa. Dzulo m'mawa ndinatsikira kudambo ndi ndodo yanga. M'mphepete mwa chitsime ndinapeza mabedi anayi a nazale, ofesedwa kumene, ophimbidwa bwino ndi udzu. Ndinakanda pang'ono ndi chala: anyezi. Pafupi pake pali maenje anayi okumbidwa mofanana, oyenera mizati, ndipo pamene pali maenjewo palibe mthunzi tsiku lonse. Pobwerera ndinafunsa wa kabaza amene amamunyamula, iye n'kundiuza kuti wauzidwa akadikire katundu wosachedwa kusweka pa Boma Lachisanu, ndipo abwere ndi zingwe zambiri.

Anyezi amakhala pa nazale pafupifupi miyezi iwiri, akawokeredwa amafuna miyezi ina itatu kapena inayi, ndipo safuna mlimi wa pa foni. Lachisanu nonse mudzuke msanga. Pali mizati yoti munyamule.